PAKHOMO PA MSILAMU: Njinga, Njanji ndi Phunziro la Amana



 

Ulendo uno ndafuna tikambirane za masewera. Ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kukwinya nkhope, mukuti kodi mwalimu zamuthera nkhani za Swala ndi Zakaat kuti azitiuza za masewera? Dekhani pang'ono. Masewera amene ndikufuna kukufotokozeraniwa ali ndi phunziro limene ife aphunzitsi a m'madrasa timavutika kwambiri kuliika m'mitima ya ana. Phunzirolo ndi amana, kutanthauza kukhulupirika pa chinthu cha mwini. Mwana akhoza kuloweza tanthauzo la amana tsiku limodzi, nakhoza bwino mayeso. Koma ngati phunzirolo lamulowadi, zimadziwika pokhapokha atapeza chinthu cha wina pamalo popanda womuona.

CHIBISALIRANO CHA MAKONO

Tonsefe tinakula tikusewera chibisalirano mwezi ukawala. Kumaiko a kunja kuli chibisalirano china chimene makolo amasewera pamodzi ndi ana awo, ndipo amachitcha geocaching. Pa masewera amenewa chimene chimabisidwa ndi kabokosi. Munthu amatenga kabokosi kotseka bwino, kosalowa madzi, kuikamo kabuku ndi tinthu ting'onoting'ono ta ana, n'kukakabisa m'phanga la mtengo kapena kuseri kwa mwala. Akatero amalemba pa intaneti manambala osonyeza pamene pali kabokosiko. Aliyense wofuna amatenga manambalawo, kuwalowetsa m'foni yake, n'kuyamba kusaka. Akakapeza amalemba dzina lake ndi tsiku m'kabuku muja, n'kubwezera kabokosiko pamalo pake kuti ena adzakapezenso.

Manambala amenewa amachokera ku njira yodziwira malo yotchedwa GPS. Boma la America lili ndi masetilaiti osachepera 24 amene amazungulira dziko lapansi pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20,000 kuchokera pansi pano. Foni ikamva zizindikiro za masetilaiti anayi kapena kuposerapo, imatha kuwerengera pamene mwini wake waima. Poyamba boma la America linkasokoneza dala zizindikirozi kwa anthu wamba poopa adani, kotero kuti makina ankatha kuphonya ndi mamita 100. Kumayambiriro kwa mwezi wa May 2000, Pulezidenti Bill Clinton analamula kuti kusokonezako kuthe. Pa 3 May chaka chomwecho, mkulu wina dzina lake Dave Ulmer anafuna kuyesa ngati makinawo ayambadi kulondola bwino. Anatenga ndowa yakuda, naikamo mabuku, makaseti a kanema, ndalama pang'ono, chitini cha nyemba ndi legeni, nakaibisa m'tchire kufupi ndi Beavercreek m'chigawo cha Oregon. Lamulo lake linali limodzi: ukatengamo kanthu, usiyemo kanthu. Pasanathe masiku atatu anthu awiri anali ataipeza ndowayo. Lero timabokosi totere tilipo toposa 3 miliyoni m'maiko oposa 190.

Mabanja ambiri kumeneko amasaka timabokositi ali pa njinga za kapalasa, ndipo malo amene amawakonda kwambiri ndi njira zimene kale zinali njanji. Galimoto zitachuluka, njanji zambiri za ku Ulaya ndi ku America zinatsekedwa. Zitsulo anazizula, njirayo n'kuisalaza kuti muzidutsa oyenda pansi ndi apanjinga okha. Chitsanzo chake ndi njira ya makilomita 21 pakati pa mizinda ya Bristol ndi Bath ku England, imene bungwe la Sustrans linaikonza kuyambira 1979 mpaka 1986. Ku America njira zotere zonse pamodzi zapitirira makilomita 40,000. Ubwino wake ndi woti omanga njanji amapewa zitunda zikuluzikulu, choncho njirayo siitopetsa ngakhale mwana wamng'ono, komanso mulibe galimoto yoti n'kumugunda.

NJANJI YATHU INANGOGONA

Tsono apa ndi pofunika kusamala, chifukwa wina akhoza kuona zithunzi za kunjako pa foni n'kunena kuti nafenso tili nazo njanji zomera udzu, tiyeni ana inu.

Ife a ku Kaliyeka, Chilinde ndi Kawale njanji tili nayo kutali. Ili kumpoto kwa mzinda, ku Kanengo, moyandikana ndi Mgona ndi Area 25. Inafika ku Lilongwe kuchokera ku Salima mu 1979 ndi chithandizo cha dziko la Canada, nipitirira mpaka ku Mchinji mu 1980, ndipo mu 2010 inalumikizidwa ndi Chipata ku Zambia. Inu a kunyanja munaiona kale njanji ife tisanaione, pakuti inafika ku Salima mu 1935 kuchokera ku Blantyre, kudzera ku Balaka, Golomoti, Mtakataka ndi Chipoka. Ya ku Liwonde ndi Nayuchi, yopita ku Nacala, inatsegulidwa mu 1970, ndipo ndi imene pamadutsa sitima zazitali zija za malasha ochokera ku Moatize.

Njanji zimenezi sizinafe ayi. Pena imatha nthawi yaitali sitima osaoneka, udzu n'kumera, mbuzi n'kumagona pakati pa zitsulo, amayi n'kumayanika mphale pambali pake. Kenaka tsiku lina sitima n'kutulukira. Anthu a ku Kanengo anaziona mu 2024 pamene sitima ya mafuta yochokera ku Nacala inafika patapita zaka zambirimbiri. Ngakhale njanji ya kuchigwa cha Shire, imene madzi osefukira anaidula pa Chiromo mu 1997, boma silinaitaye, ndipo mu 2022 ntchito yoidzutsa inayambika pakati pa Marka ndi Bangula. Inu a kunyanja mukudziwa kuti ng'ona ikatseka maso pa mchenga ndiye kuti ikuwotha dzuwa, sinafe. Njanji yathu ili chimodzimodzi. Sitima yodzaza katundu siima msanga ngakhale woyendetsa atamuona mwana patsogolo, ndipo ilibe kokhotera. Choncho mwana asapalase njinga pakati pa zitsulo kapena m'mphepete mwenimweni mwa njanji, ndipo kabokosi kasabisidwe pa njanji kapena pa mlatho wake. Ngakhale malamulo a eni masewerawa amaletsa zimenezo.

Njanji yogonayi imaulula kanthu kena za ife. Sitima ikachedwa kudutsa, anthu ena amayamba kumasula mabawuti, kuzula zitsulo kukagulitsa kwa ogula zitsulo zakutha, ndi kututa miyala kukamangira nyumba. Mukawafunsa amati n'za boma, zilibe mwini. Amaiwala kuti tsiku limene sitima idzagwe pamalo pomwe pachoka bawutipo, magazi a anthu adzakhala pamutu pawo. Ndiye tidzifunse mosabisa. Kunjako kabokosi kamatha zaka kali pansi pa mtengo, anthu osadziwana n'komwe akutsegula ndi kubwezera. Kodi kwathu kuno kangathe sabata imodzi? Ambiri muyankha kuti ayi. Yankho limenelo liyenera kutichititsa manyazi, makamaka ife amene timati tikutsatira Mtumiki amene anthu a ku Makka ankamutcha Al-Amin, wokhulupirika, asanapatsidwe n'komwe utumiki.

NANGA CHIPEMBEDZO CHIKUTI BWANJI?

Kusewera ndi banja lako si tchimo. Abu Dawud anasimba kuti Mtumiki (SAW) anachitapo mpikisano wothamanga ndi mayi Aisha (RA), ndipo tikudziwa kuti ankanyamula ndi kuseweretsa adzukulu ake Hassan ndi Hussein. Masewera amaipa akalowa juga, akaiwalitsa Swala, akavula munthu ulemu wa kavalidwe, kapena akavulaza wina. M'masewera athuwa mulibe kubetcha, ndipo palibe woluza ndalama kuti mnzake apate.

Za amana, Surat An-Nisa ndime 58 ikutilamula kubweza zosungitsidwa kwa eni ake. M'hadith imene ili mwa Bukhari ndi Muslim, kusakhulupirika pa chosungitsidwa kwawerengedwa pa zizindikiro zitatu za munafiki, pamodzi ndi bodza ndi kuphwanya lonjezo. Taonaninso zimene zinachitika pa Hijra m'chaka cha 622. Anthu a ku Makka ankafuna kupha Mtumiki (SAW), komabe katundu wawo ankasungitsa kwa iye. Pochoka usiku umenewo anasiya Ali (RA) m'mbuyo kuti abweze katunduyo kwa eni ake mmodzimmodzi. Munthu amene moyo wake unali pachiswe anakumbukira katundu wa adani ake.

Wina afunsa kuti kodi kabokosi kopezeka m'tchire si chotola? M'malamulo a Chisilamu chinthu chotayika chimene munthu watola chimatchedwa luqata, ndipo ngati chili cha mtengo wotolayo ayenera kuchilengeza kwa chaka chathunthu kuti mwini wake apezeke. Kabokosi aka sikanatayike. Mwini wake alipo, anakaika dala, ndipo analoleza aliyense kutengamo kanthu pokhapokha atasiyamo kena kofanana nako mtengo kapena koposa. Amene watsegula wavomera pangano limenelo, ndipo ndime yoyamba ya Surat Al-Maida ikutilamula kukwaniritsa mapangano. Mwana amene watenga cholembera chatsopano n'kusiyamo chitsekerero cha botolo wachita zomwe amachita wogulitsa wa sikelo yonama, amene Surat Al-Mutaffifin yamuchenjeza. Tchimolo likuoneka laling'ono, koma m'mera mpoyamba. Amene wazolowera kunyenga pa cholembera ali ndi zaka 8 ndi yemweyo adzanyenge pa ndalama za mzikiti ali ndi zaka 40.

Ndipo chokoma pa masewerawa n'choti mwana akamatsegula kabokosi mwini wake palibe, mwalimu palibe, ndodo palibe. Ndi nthawi yabwino yoti bambo amukumbutse mwana wake za ihsan, imene Mtumiki (SAW) anafotokozera mngelo Jibril: kuti ngakhale ife sitimuona Allah, Iye akutiona.

MMENE TINGACHITIRE KWATHU KUNO

Sitifunika kudikira njira ngati ya ku Bristol. Njira za fumbi za m'makwalala athu ndi za m'midzi ya kunyanja n'zokwana, tikangotsata zinthu zingapo.

Choyamba, gwirizanani mabanja anayi kapena asanu a mzikiti umodzi. Banja lililonse likonze botolo limodzi ndi kulisamalira. Poyamba musalembe pa intaneti, zikhale za pakati panu.

Chachiwiri, ndipo ichi n'chachikulu zedi, pemphani chilolezo. Munthu wogwada kuseri kwa mpanda wa mwini m'mamawa akubisa botolo, kwathu kuno sanganene kuti akusewera anthu n'kumumvera. Adzati akutchera mankhwala, ndipo tonse tamvapo za anthu omenyedwa, ena kuphedwa kumene, chifukwa chongoganiziridwa ufiti. Choncho dziwitsani amfumu a m'dera, komiti ya mzikiti ndi mwini malo, ndipo mubise masana iye akuona. Gwiritsani ntchito botolo la pulasitiki loonekera mkati, monga la chiponde, mulembepo ndi zilembo zikuluzikulu kuti ndi masewera a ana a madrasa. Musalikwirire pansi, musaliike kumanda, ndipo musaikemo mikanda, ulusi kapena tinsanza tomangamanga. Chakudya chimaitana nyerere ndi makoswe, ndalama zimaitana akuba, machesi ndi malezala n'zoopsa kwa ana. Ikanimo kabuku, pensulo, labala, mabo ndi tina totero. Malo abwino ndi kwa okonza njinga amene mumadziwana nawo, pa chigayo, pa golosale ya m'bale, kapena pansi pa mtengo wa mango wa agogo. Inu a kunyanja muli ndi milambe, mabwato akutha ndi mathandala oyanikapo usipa, bola eni ake avomere.

Chachitatu, konzani zolondolera. Amene ali ndi foni ya makono adziwe kuti GPS payokha siidya bandulo. Foniyo imakufikitsani pafupi, pa mamita ochepa chabe, ndipo kotsalako ndi ntchito ya maso. Amene alibe foni yotere asadandaule, pepala ndi pensulo n'zokwana, ndipo kwa ine njira imeneyi ndiyo yopambana chifukwa mwana amabwereza za ku madrasa asakudziwa. Mwachitsanzo mukhoza kulemba kuti: kuchokera pa khomo la chigayo, yang'ana ku Qibla, uyende mapazi ochuluka ngati ndime za Surat Al-Fatiha kuchulukitsa ndi marakaa a Maghrib. Mwana wodziwa adzayenda mapazi 21. Wosadziwa adzafunsa mlongo wake, ndipo mawa sadzaiwalanso. Kuchokera ku Lilongwe Qibla ili kumpoto, kupendekera pang'ono kum'mawa ndi madigiri pafupifupi 10. Mwana aime dzuwa la m'mawa lili kudzanja lake lamanja, ndiye kuti wayang'ana chakumpoto. Muwauzenso ana kuti luso loyeza malo si lachilendo kwa Asilamu. M'chaka cha 1025 katswiri wathu Al-Biruni analemba buku la kawerengedwe ka malo a mizinda, ndipo china mwa zolinga zake chinali kupeza Qibla ya mzinda wa Ghazna.

Chachinayi, onani njinga musananyamuke. Mabuleki agwire mbali zonse, tcheni chithiridwe mafuta, matayala apopedwe, ndipo mutenge pampu, zigamba ndi sipanala. Banja limene lilibe njinga zokwanira libwereke, ndipo yobwerekayo ndi amana inanso: ibwerere kwa mwini yotsukidwa, ndipo ngati chubu chaphulika mumate ndi kumuuza. Yendani kumanzere kwa msewu, mondondozana, wamkulu mmodzi patsogolo wina pambuyo. Pewani msewu wa M1 ndi misewu ina ya tala mmene muli maminibasi ndi njinga zamoto za kabaza. Mwana wokwera pa keliyala asamale mapazi ndi masipoko. Ana aakazi musawasiye kunyumba kuti azitsuka mbale. Avale buluku mkati mwa chovala chachitali, mpango aumange bwino kuti usakodwe m'tcheni, ndipo apite limodzi ndi abambo awo ndi alongo awo. Nyamukani m'mawa dzuwa lisanakwere, makamaka inu a ku Salima, Nkhotakota ndi Mangochi kumene kumatentha, mutenge madzi akumwa, ndipo mubwerere adhana ya Dhuhr isanamveke.

Ngati mukufuna ana aione njanji, apititseni ndithu. Imani chapatali, muwauze kuti inafika liti, ikuchokera kuti ndipo ikupita kuti. Muwauze kuti feteleza, mafuta ndi katundu wina amene amadutsa pamenepo ndi wa tonsefe, ndipo kuti bawuti iliyonse ili ndi mwini. Pooloka, dutsirani pamalo oolokera, tsikani pa njinga, yang'anani uku ndi uku, muoloke mukukankha. Botolo lanu likhale kutali ndithu ndi zitsulo.

Chachisanu, tengani thumba lotoleramo zinyalala. Osewera a kunja aja anayamba mu 2002 kukhala ndi masiku otola zinyalala m'malo amene amasakamo. Ife tinauzidwa kalekale ndi Mtumiki (SAW) kuti kuchotsa chopweteka panjira ndi sadaka. Galasi losweka limene mwana wanu watola lero likanacheka phazi la mwana wa mnzanu mawa.

Pakutha pa mwezi mabotolo onse abwere ku madrasa, atsegulidwe ana onse akuona. Werengani maina m'timabuku, muone ngati tinthu tachuluka kapena tachepa. Ngati tachuluka, ayamikireni ana pamaso pa makolo awo. Ngati tachepa, musatenge ndodo ndipo musayambe kusaka wakuba pagulu. Auzeni kuti botolo libwerera pamalo pake kwa masiku atatu, ndipo amene anatenga koposa akabweze payekha popanda womufunsa. Mwana wochititsidwa manyazi pagulu amaphunzira kubisa bwino ulendo wina. Mwana wopatsidwa mpata wobweza amaphunzira tauba.

MAU KWA ABAMBO ANZANGA

Ambiri a ife timachoka pakhomo kusanache, kupita kumsika, kuntchito kapena kunyanja, n'kubwerera ana atagona. Loweruka ndi Lamulungu ana athu akulera ndi nyumba za kanema, mafoni ndi anzawo a pamsewu, ndipo ena ayamba kale kuponya ndalama pa kubetcha mpira. Tikawaona aonongeka timathamangira kwa mwalimu kuti awakonze. Mwalimu amakhala ndi mwana wanu maola awiri pa tsiku, pakati pa ana ena ambirimbiri. Akhoza kumuphunzitsa kuwerenga Qur'an ndi malamulo a wudhu. Koma mwana amaphunzira kukhulupirika poona dzanja la bambo wake likubweza chenje chopitirira kwa wogulitsa, kapena likusiya chitsulo cha njanji pamene lachipeza. M'makomo amene abambo ali ku Joni, amalume ndi azichimwene aakulu atenge udindo umenewu, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Amayi nawonso asatsalire. Amene sapalasa njinga akhoza kukonza zolondolera kapena kusunga botolo pakhomo pawo.

Tsiku la Jumu'a timawerenga Surat Al-Kahf, ndipo m'menemo muli nkhani ya chuma chobisika. Mneneri Musa (AS) ndi Khidr anafika m'mudzi wa anthu amene anakana kuwalandira ngati alendo, komabe Khidr anakonza chipupa chimene chinali pafupi kugwa, osalandira malipiro. Pa ndime 82 tikumva chifukwa chake. Pansi pa chipupacho panali chuma cha ana awiri amasiye, ndipo Allah anafuna kuti chisungike mpaka anawo atakula, ndipo ndimeyo ikutchula kuti bambo wawo anali munthu wolungama. Bamboyo anali atamwalira kale, koma kulungama kwake kunapitiriza kusunga ana ake. Ambiri a ife tilibe golide woti n'kukwirira pansi pa chipupa. Chimene tingasiyire ana athu ndi khalidwe, ndipo khalidwe limalowa mwa mwana amene amakhala ndi bambo wake nthawi yokwanira kuti amuone mmene amachitira.

Tchuthi chikubwerachi yesani. M'mawa umodzi, njinga ziwiri kapena zitatu, botolo limodzi la chiponde. Amene mwayesa tilembereni kudzera kwa mkonzi, mutiuze kuti botolo lanu linatha masiku angati ndipo munapezamo chiyani pakutha pa mwezi. Makalata anu tidzawerengera limodzi pa tsamba lomwe lino, Insha Allah.

Tipemphe Allah atipange kukhala anthu osunga amana, atitetezere ana athu panjira ndi pakhomo, ndipo awakulitse ali okhulupirika poyera ndi pobisika. Ameen.